Pamene Soya Anasoŵa: Mbiri ya Chakudya cha Akalulu

Mwana aliyense wa kumudzi atafunsidwa kuti kalulu amadya chiyani, angayankhe mosazengereza kuti amadya msipu, chisoso, kholoŵa ndi masamba ena a m'munda. Koma funso lomwelo litafunsidwa kwa mlimi wa ku France kapena ku Italy amene amasunga akalulu zikwizikwi m'nyumba imodzi, yankho lingakhale lina. Iye angaloze thumba la chakudya cha ku fakitale, ndipo pa zinthu zolembedwa pathumbapo kaŵirikaŵiri pamapezeka dzina la soya, mbeu imene kwao ndi ku China, koma imalimidwa ku America ndi kuoloka nyanja pa sitima. Nkhani ya lero ikulongosola mmene soya analoŵera m'khola la kalulu, mavuto amene anagwa pamene soyayo anasoŵa m'chaka cha 1973, ndiponso ntchito imene akatswiri akhala akugwira pofunafuna mbeu zina zoloŵa m'malo mwake. Zambiri mwa izi zinachitikira kutali, koma phunziro lake likukhudza aliyense amene ali ndi khola kuseri kwa nyumba yake.

Kalulu wa m'khola

Poyamba nkofunika kusiyanitsa akalulu aŵiri. Kalulu wa m'nthano, uja wochenjera amene amapusitsa fisi ndi njovu, ndi wa m'tchire la kuno. Ana ake amabadwira pa udzu ali ndi ubweya, maso ali otsegula kale. Kalulu woŵeta kwao ndi ku Spain, ku Portugal ndi kummwera kwa France. Iye amakumba una, ndipo ana ake amabadwa opanda ubweya ndi osapenya. Aroma ankasunga akalulu otere m'mipanda ya miyala zaka zoposa 2,000 zapitazo, ndipo mlembi wao Varro anawatchula m'buku lake la zaulimi. Pambuyo pake amonke ndi eni malo a ku France anapitiriza kuwaŵeta, mpaka kalulu anasanduka chiŵeto cha pakhomo pa munthu wamba.

Pa zaka mazana onsewo chakudya chake chinali udzu, masamba a m'dimba, makoko a mbatata ndi madeya pang'ono. Ngakhale pa Nkhondo Yachiŵiri ya Dziko Lonse, kuyambira 1939 mpaka 1945, pamene nyama inkagulitsidwa moyeza ku Britain, maanja ambiri anaŵeta akalulu kuseri kwa nyumba chifukwa ankakhala ndi moyo pa zotsala za kukhitchini.

Chinsinsi chake chili m'mimba. Kalulu ali ndi thumbo lalikulu lokhala ngati thumba, mmene tizilombo tosaoneka ndi maso timafumbwitsa zakudya zolimba. Kaŵirikaŵiri kum'bandakucha amatulutsa ndowe zofeŵa zosiyana ndi zouma zija zimene zimagwa pansi pa khola, ndipo zofeŵazo amazimeza pomwepo zisanagwe. Katswiri wa ziŵeto wa ku France, Charles Morot, analongosola khalidwe limeneli m'chaka cha 1882. Omvera ena angaipidwe nazo, komatu m'ndowe zofeŵazo muli mavitamini ndi zomanga thupi zimene tizilombo tija tapanga. Motero kalulu amadya chakudya chimodzi kaŵiri, ndipo amapindula ndi masamba kuposa mmene nkhuku kapena nkhumba ingapindulire.

Mmene soya analoŵera

Zinthu zinasintha chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950. Alimi a ku France ndi ku Italy analandira kuchokera ku America mitundu ya akalulu yokula msanga, New Zealand White ndi Californian. Anayamba kuwasunga m'makola a waya ndi kuwadyetsa chakudya chosakaniza ku fakitale, choumbidwa timibulu. Kalulu wotere amatenga bere masiku 31, ndipo mwana wake amafika pophedwa ali ndi masabata 10 kapena 11, akulemera makilogalamu oposa 2. Kukula kothamanga chotere sikungatheke ndi udzu wokha. Kalulu amene akukula amafuna kuti pa magawo 100 alionse a chakudya chake, magawo pafupifupi 16 akhale zomanga thupi, zimene akatswiri amazitcha mapuloteni. Woyamwitsa amafuna 17 kapena 18.

Mapuloteni ali ngati khoma lomangidwa ndi njerwa za mitundu pafupifupi 20. Mtundu umodzi ukapereŵera, mmisiri amaima ngakhale njerwa zina zitaunjikana pabwalo. Chimanga, tirigu ndi madeya zimapereŵera njerwa yotchedwa lysine. Soya ali nayo yambiri. Akamuyenga mafuta, zotsala zake, zimene amalonda amazitcha keke ya soya, zimakhala ndi mapuloteni magawo 44 mpaka 48 pa 100. Nchifukwa chake opanga zakudya za ziŵeto anamukonda kuposa mbeu ina iliyonse.

Soya analimidwa ku China zaka zoposa 3,000, makamaka ngati chakudya cha anthu. Kuti akhale chakudya cha ziŵeto panafunika nzeru ina. M'chaka cha 1917 akatswiri aŵiri a ku America, Thomas Osborne ndi Lafayette Mendel, anaona kuti makoswe odyetsedwa soya wamuŵisi sankakula bwino, pamene odyetsedwa wophika ankakula. Zinadziŵika pambuyo pake kuti mu soya wamuŵisi muli chinthu chimene chimatsekereza mimba kugaya mapuloteni, ndipo moto umachipha. Kuyambira 1929 mpaka 1931 boma la America linatuma William Morse ndi P. H. Dorsett ku Japan, Korea ndi China kukatolera mbeu za soya zamitundumitundu, ndipo anabwera nazo zikwi zingapo. Nkhondo itatha, America anali atasanduka nkhokwe ya soya ya dziko lonse. Pa zokambirana zamalonda zimene zinatha m'chaka cha 1962, bungwe la maiko a kumadzulo kwa Ulaya, European Economic Community, linavomera kuti soya aziloŵa popanda msonkho. Alimi a ku Ulaya anapeza kuti kugula soya wa ku America kunali kotsika mtengo kuposa kulima nyemba zao, ndipo ambiri anazisiya.

Chaka cha 1973

Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Mphepoyo inayambira m'nyanja ya ku Peru. Dziko limenelo linkagwira tinsomba tokhala ngati usipa, totchedwa anchoveta, ndi kutigaya kukhala ufa wodyetsera nkhuku ndi nkhumba m'maiko ambiri. M'chaka cha 1970 asodzi a ku Peru anagwira matani oposa 12 miliyoni. Koma mu 1972 madzi a m'nyanjamo anafunda chifukwa cha nyengo ya El Niño, ndipo popeza tinsombato tinali titachepa kale ndi kusodza kopyola muyeso, pofika 1973 zogwidwa sizinakwane matani 2 miliyoni. Onse amene ankadalira ufa wa nsomba anathamangira ku soya. Nthaŵi yomweyo Soviet Union inali itagula mbeu zochuluka ku America chifukwa cha kukolola moperevera kwao. M'miyezi 6 yokha mtengo wa soya pa msika wa ku Chicago unakwera pafupifupi katatu.

Poopa kuti nyama ndi mazira zikwera mtengo m'dziko mwake, boma la Pulezidenti Richard Nixon linaletsa kutumiza soya kunja pa 27 Juni 1973. Chiletso chenichenicho chinangokhala masiku oŵerengeka. Kenaka boma linalola kutumiza theka la soya amene amalonda anali atalonjeza kale, ndipo pofika Okutobala malamulo onsewo anachotsedwa. Koma mantha sanachoke. Alimi a ku Ulaya anazindikira kuti nkhuku, nkhumba ndi akalulu ao zinali kudya m'mbale ya mwini wake, amene angathe kuichotsa tsiku lililonse. Anthu a ku Japan, amene amadya soya tsiku ndi tsiku, anadzidzimuka koposa.

Maiko anayankha m'njira ziŵiri. Japan anafuna wogulitsa wina, ndipo anaika ndalama zake pa ntchito yotsegula minda m'chigawo cha Cerrado ku Brazil. Ntchito imeneyi, pamodzi ndi kafukufuku wa bungwe la Embrapa limene linakhazikitsidwa mu 1973, inathandiza kuti pofika 2020 Brazil apose America pa ulimi wa soya, ngakhale kuti tchire lalikulu linatha nazo. Ulaya nayenso anagula soya wa ku Brazil, koma anayesanso njira yachiŵiri, yofuna mbeu zina. Mu 1974 bungwe lija linayamba kuthandiza ndi ndalama oumitsa msipu wa ziŵeto, ndipo mu 1978 linayamba kuthandiza olima nsawawa ndi nyemba zodyetsa ziŵeto. Akatswiri a akalulu nawonso anasonkhana mu mzinda wa Dijon ku France m'chaka cha 1976 pa msonkhano wao woyamba wa dziko lonse, ndipo kuyambira pamenepo nkhani ya chakudya sinasoŵe pa misonkhano yao.

Mbeu iliyonse ndi chilema chake

Woyamba kupindulitsa kalulu anali msipu wotchedwa lucerne, wa m'gulu la nyemba, umene umalimidwa ndi kuumitsidwa kwambiri m'chigawo cha Champagne ku France. Mapuloteni ake ndi magawo 15 mpaka 18 okha, koma kalulu amaudya wambiri, ndipo umampatsanso zolimba zimene matumbo ake amafuna. Pakuti kalulu wosoŵa zolimba amatsegula m'mimba ndi kufa, ngakhale atadya mapuloteni ochuluka chotani. Peter Cheeke, amene anatsogolera kafukufuku wa akalulu ku Oregon State University ku America, analimbikitsa mfundo yakuti chiŵeto chimenechi chimagaya bwino mapuloteni a m'masamba, choncho sichiyenera kupikisana ndi munthu pa mbeu.

Yachiŵiri inali rapeseed, mbeu ya mafuta imene ndi mbale wake wa mpiru ndi repu wa m'dimba. Keke yake inali ndi mapuloteni ambiri, koma inalinso ndi chija chimene chimaŵaŵitsa mpiru, ndipo ziŵeto zikadya yambiri zinkaleka kudya bwino ndi kudwala chithokomiro. Akatswiri a ku Canada, Baldur Stefansson ndi Keith Downey, anagwira ntchito zaka zambiri kusankha mbeu, mpaka mu 1974 panatuluka mtundu wotchedwa Tower umene unali ndi zoipazo zochepa. Mitundu yotere inapatsidwa dzina lakuti canola mu 1978.

Yachitatu inali nyemba ya lupin, imene mbiri yake inayamba kale 1973 isanafike. Lupin wakale anali woŵaŵa kwambiri ndi wapoizoni, kotero kuti anthu ankamuviika m'madzi masiku angapo asanadye. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1920, ku Müncheberg m'dziko la Germany, mnyamata wina wophunzira za mbeu, Reinhold von Sengbusch, anapeza njira yoyezera msanga kuŵaŵa kwa chomera chilichonse. Anayeza zomera zoposa miliyoni imodzi, ndipo mwa zonsezo anapezamo zoŵerengeka chabe zosaŵaŵa. Kuchokera ku zoŵerengekazo kunabadwa lupin wokoma. John Gladstones wa ku Western Australia anapitiriza ntchitoyo, natulutsa mtundu wa Uniwhite mu 1967. Patapita zaka zina, mu 2009, Zdeněk Volek ndi Milan Marounek a ku Prague anasonyeza kuti njere za lupin woyera zingaloŵe m'malo mwa keke ya soya m'chakudya cha akalulu onenepetsa popanda kubweza m'mbuyo kakulidwe kao.

Yachinayi, imene inafala kwambiri m'zakudya za akalulu ku Ulaya, inali keke ya mpendadzuŵa. Makoko ake amene amaipitsa chakudya cha nkhuku ndiwo amene kalulu amawafuna. Chilema chake nchakuti njerwa ija ya lysine ndi yochepa. Koma ali ndi njerwa ina, methionine, imene nyemba ndi nsawawa zimapereŵera. Apa ndi pamene akatswiri anaphunzira chachikulu: palibe mbeu imodzi imene ingaloŵe m'malo mwa soya payokha, koma ziŵiri kapena zitatu zikaphatikizidwa, ina imatseka mpata wa inzake. Chala chimodzi sichiswa nsabwe. Ndipo amene anaiŵala phunziro la 1973 anakumbutsidwanso mu 2022, pamene nkhondo inatseka madoko a Ukraine, dziko limene linkagulitsa kunja mafuta ndi keke ya mpendadzuŵa zochuluka kuposa lina lililonse. Kusiya kudalira mwini mbale mmodzi nkuyamba kudalira wina sikunali kumasuka.

Kuno ku Africa

Pamene Ulaya anali kulimbana ndi mafakitale ake, maiko ena a mu Africa anaona mwa kalulu njira yopezera nyama popanda kugula chakudya cha kunja. Ku Ghana, m'chaka cha 1972, pansi pa ndondomeko ya boma yotchedwa Operation Feed Yourself, Newlove Mamattah anatsogolera ntchito yofalitsa akalulu m'dziko lonse, ndipo uthenga wake unamveka pa wailesi ndi m'masukulu. Kuno ku Malaŵi, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970, ku Bunda College kunachitika kafukufuku wa kaŵetedwe ka akalulu koyenera mlimi wa kumudzi. Funso linali lomwe lija la ku Ulaya: zomanga thupi zichokera kuti? Mbeu zinalipo zambiri, koma nazonso chilichonse chinali ndi chilema chake.

Keke ya mtedza ili ndi mapuloteni ofanana ndi a soya. Koma m'chaka cha 1960 ku England kunafa nkhukundembo zoposa 100,000 ndi matenda osadziŵika, ndipo ofufuza anapeza kuti gwero lake linali keke ya mtedza yochokera ku Brazil imene inali ndi chuku. Poizoni wa chukucho anamutcha aflatoxin. Amaononga chiŵindi, ndipo kalulu ali m'gulu la nyama zimene zimafa naye msanga. Mtedza woola umene munthu wautaya suyenera kuponyedwa m'khola.

Keke ya thonje, imene imapezeka kumene thonje limalimidwa monga ku Chigwa cha Shire, ku Balaka ndi ku Salima, ili ndi chinthu chotchedwa gossypol, chimene chikachuluka chimafooketsa chiŵeto ndi kuchepetsa mphamvu yobereka ya chachimuna. Ng'ombe yaikulu imapirira nayo; kalulu amafuna yochepa.

Mtengo wa lukina, umene kwao ndi ku Mexico ndi maiko oyandikana nawo, unalimbikitsidwa kwambiri m'dziko muno m'zaka za m'ma 1970 podyetsa ng'ombe za m'khola pamodzi ndi madeya. Masamba ake ali ndi mapuloteni oposa magawo 20 pa 100, ndipo akalulu amawakonda. Koma muli mimosine, amene amathothola ubweya ndi kuimitsa kukula ngati chiŵeto chikudya lukina yekhayekha. Chinanso, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 kachilombo koyamwa nsonga za lukina kanafika mu Africa ndi kuononga mitengo yambiri. Amene anadalira mtengo umodziwo anasoŵa pogwira, ndipo alangizi anayamba kulimbikitsa kubzala mitengo yamitundu ingapo.

Nandolo ndi khobwe zili ndi mapuloteni oposa magawo 20 pa 100, ndipo monga soya, zimafuna moto: zokazinga kapena zoŵiritsa zimagayika bwino kuposa zaziŵisi. Masamba a nandolo, masamba a mtedza otsala pokolola, kholoŵa ndi cham'mwamba zonse nzabwino, ndipo zimaumitsika pamthunzi kudikira chilimwe. Chigwada chimafuna kufota kaye chifukwa cha poizoni wa m'chinangwa. Safunsa anadya phula. Mlimi amene akuyesa chakudya chatsopano amayamba pang'onopang'ono, akuyang'ana ndowe ndi ubweya wa akalulu ake, ndipo akakayika amafunsa mlangizi wa ziŵeto.

Chimene mbiri ikuphunzitsa

Wina angafunse kuti, popeza soya amalimidwa ku Mchinji, ku Kasungu, ku Lilongwe ndi ku Dedza, nchifukwa chiyani mlimi wa kuno avutike ndi nkhani ya ku Chicago? Yankho lili paŵiri. Choyamba, mtengo wa soya umatsata misika ya kunja ndi nyengo. China yokha inagula kunja matani pafupifupi 100 miliyoni m'chaka cha 2020, ndipo wogula wamkulu chotere akasuntha, msika wa dziko lonse umagwedezeka. M'chaka cha 2023 matenda a dzimbiri anaononga minda yambiri ya soya m'dziko muno. Kumbali ina, mu 2017, pamene India anachepetsa nandolo wogula kunja, alimi a kummwera anatsala ndi nandolo amene mtengo wake unagwa pansi. Woŵeta amene amadziŵa kugwiritsa ntchito mbeu zingapo amatha kusiya yokwera mtengo ndi kutenga yotsika.

Chachiŵiri nchachikulu koposa. Soya ndi chakudya cha mwana. Ndiye amene amasakanizidwa ndi chimanga m'phala la Likuni, ndipo ndiye ndiwo m'maanja ambiri amene sangakwanitse nyama. Nkhuku ya mazira ingakhale ndi chifukwa chopempherako, popeza mimba yake siigaya masamba. Kalulu alibe chifukwa chotere. Ulemu wake pakati pa ziŵeto ndi wakuti amatenga chisoso, kholoŵa ndi masamba a nandolo, zimene zikanauma m'munda, ndi kuzisandutsa ndiwo ya banja ndi manyowa a m'dimba. Nzoona kuti kalulu wodya masamba ndi madeya sakula mothamanga ngati wa ku fakitale. Angatenge miyezi 4 kapena 5 m'malo mwa masabata 11. Koma mwini wake alibe ngongole kwa munthu.

Osborne ndi Mendel anapeza kuti soya amafuna moto. Von Sengbusch anayeza zomera zoposa miliyoni kuti achotse kuŵaŵa kwa lupin. Akatswiri a ku Canada anatha zaka akusankha mbeu, ndipo nkhukundembo za ku England zinafa kuti dziko lidziŵe kuopsa kwa chuku. Nzeru zonsezi zinagulidwa pa mtengo waukulu, koma mlimi wa lero akuzilandira kwaulere. Chimene chatsalira iye ndicho kuzungulira munda wake, kuŵerenga mbeu ndi mitengo imene ali nayo, ndi kuonetsetsa kuti tsiku limene chimodzi chidzasoŵe, m'khola mudzakhalebe chakudya.